Sutikesi ya Amake Lute

LOLEMBA

Tsiku lathu lomaliza linali Lachinayi wamba, sabata zitatu chitsekereni sukulu chaka chatha. Akazi anga, amake Lute, anabwera kuchokera ku Limbuli ndi kabichi mmodzi. Anakhala pakhonde n'kumapinda zovala, ine ndikumata chubu cha njinga. Ankayankhula zambiri: za zitenje, za aphunzitsi, za wina amene wabweza malaya osachapa. Ine ndinkangoti "mm". Tinadya mbatata ndi tiyi. Anandiuza kuti juzi ndavala motembenuza. M'mawa mwake anadzuka mutu ukuwawa. Lolemba tinawaika m'manda.

Miyezi khumi ndi umodzi tsopano. Ndikanadziwa, "mm" uja ndikanamuchepetsa.

Lero msonkhano ku ofesi ya zoni. Loweruka sukulu zinayi zikumana pabwalo lathu kutsekera chaka: yathu, ya Kumlatho, ya Kuesiteti ndi ya Kumtunda. Masewero, tchopa, kwaya, ndi kuwerenga nkhani za chaka. Zaka zonsezi ankayendetsa ndi amake Lute, ngakhale sanali mphunzitsi. Ine ndapita ngati wa komiti ya sukulu, kukangokhala kumbuyo. Alangizi a zoni andiloza: "Bambo awa ankakhala nawo nyumba imodzi, zonse akuzidziwa." Anthu m'manja phuphuphu.

Ine ndinkangonyamula chikwama!

Madzulo foni ya alamu anga a Fanesi, mng'ono wa malemu. Lamulungu abwera ndi amalume awo kudzagawa zovala kwa abale monga mwa mwambo. Ndinawapempha kuti adikire, ndipo adikira mokwanira. Zonse zili mu sutikesi pansi pa bedi. Sindinaitsegulepo chichokereni kumanda. Pamudzi pano ndine mkamwini, ndipo mkamwini akasowetsa katundu wa malemu amamukumbutsa njira ya kwawo. Kwathu ku Phalombe ngakhale agalu anandiiwala.

Dongosolo:
1. Kulemba pulogalamu.
2. Kutolera nkhani za sukulu zinayi.
3. Sutikesi ikhale yotseka mpaka Lamulungu.

Chachitatuchi ndiye chosavuta.

LACHIWIRI

Chiperoni. Phiri silikuoneka, ngakhale nkhuku zakana kutuluka.

Koma madamu a Kumlatho atuluka. Afika pa kabaza ndisanasukusule. Sewero lawo ndi loletsa kukwatitsa ana aang'ono, ndiye akufuna diresi la wosewera apongozi. "Mayi ankatibwereka chaka ndi chaka, la buluu lija."

Ndikuti kiyi anasowa.

"Ali m'chitini cha tiyi pamwamba pa kabati, bambo."

Alidi momwemo. Zaka makumi atatu m'nyumba muno ine osadziwa, madamu a Kumlatho akudziwa!

Ndatsegula. Fungo la sopo wawo likadali momwemo. Ndakhala pabedi kanthawi. Madamu akhosomola panja kawiri, ndiye ndatuluka nalo.

Diresi limodzi lokha. Libwera Loweruka madzulo, ndichapa, ndisita, ndibwezera. Palibe adziwe.

Nkhani za Kumlatho:
Denga la Sitandade 3 linapita ndi mphepo. Likadali m'munda wa nandolo wa munthu wina, ndipo mwini munda akuti linabwera lokha.
Ana anadzala mitengo kuzungulira sukulu. Mbuzi zadya yonse. Wapulumuka umodzi, umene amamangirirapo mbuzizo.

LACHITATU

Nkhani imathamanga kuposa kabaza. Ahedi a Kuesiteti ali pakhomo: "Tamva kuti a Kumlatho mwawaveka. Kapena ife zoni yathu ndi ina?"

Atsikana awo akuvina tchopa. Ndimati ndiwapatse zitenje zakutha, zapansi pansi. Iwo akutchula ndi mayina omwe: cha nkhanga, cha mananazi, cha mawotchi, ndi kapulana uja anagula ku Milanje, ku Mozambiki. Zitenje za akazi anga akuzidziwa ngati ana a m'kalasi mwawo. Cha mawotchicho ine ndachiona lero koyamba. Kapena ndinkachiona koma osachiyang'ana.

Zapita: zitenje zinayi, maduku atatu, mikanda yonse.

Nkhani za Kuesiteti:
Apambana ntchemberembaye. Anzawo sanafike, mtsinje unadzaza. Ahedi akuti za mtsinjezo ndisalembe.
Belu linabedwa. Akuimba khasu.

Pulogalamu ndalemba katatu. Ahedi onse anayi akufuna kuyankhula pomaliza, ati womaliza ndiye amaomberedwa m'manja kwambiri. Palibe wawauza kuti anthu amakhala akuombera kutha kwa zoyankhula.

Amake Lute ankatani nazo zimenezi? Mwina anandiuza. Mwina ndinati "mm".

Dongosolo latsopano: sutikesi ikhale yotseka kuyambira mawa.

LACHINAYI

Kumtunda. Njinga ndiyo yakwera ine, osati ine kukwera njinga. Matope mpaka m'mabondo.

Ndapita ndikulumbira kuti kumeneko ndikakana. Ahedi sanapemphe n'komwe. Angotsegula dirowa n'kundipatsa kapepala: "Mayi anatisiyira kuti tisamavutike kukumbukira." Dzanja la amake Lute, zilembo zopendekera kumanzere zija. Nsalu yoyera ya patebulo (ya dokotala). Magalasi. Chikwama cha m'manja. Nsapato zakuda. Pansi pake: "Mubweze zochapa."

Munthu angakane bwanji? Alemba okha eni ake.

Kapepalako ndawapempha. Akuti akufuna kudzakagwiritsanso ntchito chaka cha mawa.

Nkhani za Kumtunda: "Lembani kuti tili bwino." Ndafunsa ngati palibe chachitika chaka chonse. Aganiza, aganiza. Njuchi zinatseka sukulu masiku awiri. Basi.

Pobwera ndapeza ahedi athu atakhala pampando wanga. "Alendo adye, eni nyumba tigone ndi njala?" Atenga juzi yobiriwira ya wotsogolera kwaya, ambulera ya mlendo wolemekezeka, ndi makatani a pabalaza otchingira sewero. Makataniwo sanali mu sutikesi, anali pawindo. Atambasula dzanja ku yunifolomu ya amayi a kutchalitchi. Ndati iyi ayi. Andiyang'ana, abweza dzanja.

Sabata yonseyi ndapambana kamodzi.

Madzulo ndikuchokera ku mjigo, ndaona juzi yobiriwira ikukhota kuseri kwa nthochi. Miyendo yaima yokha. Ndavula chipewa. Ndi kamtsikana ka Sitandade 6, manja a juzi atapindidwa katatu. Kagwada: "Mwaswera bwanji agogo?" Ndaswera bwino.

LACHISANU

Zotsala mu sutikesi:
yunifolomu ya kutchalitchi
buku la nyimbo
sokosi imodzi
mabatani m'kabotolo

Ikunyamulika ndi chala chimodzi. Ndinaganiza zoikamo mathalauza anga kuti ilemereko. Koma amalume sadzaiyeza pasikelo, adzaitsegula.

Mavuto atatu.

Loyamba: chiperoni. Malaya amene ndinachapa Lachiwiri akadali onyowa pachingwe. Za Loweruka madzulo ziuma liti?

Lachiwiri: a Fanesi aimbanso. Sadikira Lamulungu. Abwera mawa ndi amalume kudzaonera zotsekera sukulu, ati amva kuti alamu awo ndi amene akuyendetsa. Pomaliza: "Alamu, diresi la buluu lija musamupatse Lute. Achemwali anandilonjeza ine."

Lachitatu: mtsikana wosewera apongozi wadwala malungo. M'malo mwake alowa a Namakhwa, aphunzitsi a Sitandade 7. Amene amagwira pagolo aja. Chifuwa ngati ng'oma, ndevu mpaka apa.

Ndapalasa mpaka Kumlatho kukachonderera. Madamu akuti ndisade nkhawa: "Lalowa, bambo. Bola asapume kwambiri."

Ndapempha kuti mwina apongozi avale chitenje. A Namakhwa akana. Akuti diresilo lawapatsa mzimu wa sewero.

Pulogalamu ndalemba kachisanu. Ahedi onse anayi ayankhula pomaliza, motsatana.

LOWERUKA

Timati tiyambe naini koloko. Tayamba dzuwa lili pamutu, likanakhalapo. Mlendo wolemekezeka watumiza womuimira, womuimirayo watumiza mlamu wake. Ambulera ya akazi anga yamufunditsa bwino lomwe.

Pulogalamu yanyowa m'thumba. Inki yonse yasanduka mtambo umodzi.

A Fanesi ndi amalume ndawakhazika kuseri kwa mtengo wa mango, pamene munthu amaona khungwa lokha. Alangizi awaona: "Abale a malemu akhale kumbuyo? Zosatheka!" Awapititsa mzere woyamba. Ine pakati pawo.

Kwaya. A Fanesi akundikodola: "Alamu, juzi ija ndikuidziwa." Ndikuti majuzi obiriwira ndi ambiri ku Limbuli.

Tchopa. Ng'oma zalira, atsikana alowa. Nkhanga, mananazi, mawotchi, kapulana. "Alamu." Ndikuyang'ana ng'oma.

Sewero la chipatala. Dokotala wavala nsalu ya patebulo pathu, banga la tiyi lili pamsana. Namwino wavala magalasi, sakuona kanthu, wabaya jakisoni mlonda m'malo mwa wodwala. A Fanesi asiya kundiitana.

Ndawerenga nkhani za chaka. Mtengo wopulumuka uja waomberedwa m'manja kuposa ahedi onse. Mwini munda wa nandolo waimirira kunena kuti dengalo akulisamala bwino. Za mtsinje sindinatchule, koma anthu akuwa okha: "Mtsinje!"

Kenako makatani a pabalaza pathu atseguka. A Namakhwa. Diresi la buluu, duku, ndevu. Akuyenda pang'onopang'ono ngati asenza madzi, akupuma theka. Zayenda bwino mpaka pamene mnyamata wofunsira mbeta wafika ndi nkhuku yake ndipo aphunzitsi a m'seweromo abwera kudzaletsa ukwati. Apongozi akwiya, akweza manja onse awiri kumwamba.

Phweee! Diresi lang'ambika kumsana, kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno.

Bwalo lonse lagwa pansi. Amayi nthungululu. A Namakhwa amaliza sewero chobwerera m'mbuyo, msana uli kukhoma.

A Fanesi aphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Kulira kapena kuseka, sindikudziwa, ndipo sindinafunse. Amalume andiyang'ana nthawi yaitali. Bola akanandikalipira.

Pomaliza alangizi ati tikhale chete pang'ono kukumbukira mayi amene ankayendetsa tsikuli, ndipo aliyense amene wavala chawo abwere kutsogolo. Sindinawapemphe zimenezo. Abwera ndithu, mzere wautali. Amake Lute aafupi, amake Lute aatali, wina manja opinda katatu, wina wa ndevu atagwira diresi kumsana. Palibe waseka.

Ine ndayang'ana kuphiri. Silikuoneka, koma ndayang'anabe komweko.

LAMULUNGU

Zabwera m'mawa m'majumbo, zonyowa zonse. Mwabweranso thalauza la munthu wosadziwika. Ndayanika pachingwe kuyambira pa mpapaya mpaka kukhitchini, poyera, poti chobisa chatha.

Amalume akhala pakhonde, a Fanesi pamphasa. Ndabweretsa sutikesi n'kuitsegula. Sokosi imodzi ija. Ndafotokoza zonse kuyambira Lachiwiri. Ndati cholakwa ndi changa, aweruze mmene aonera.

Amalume: "Ife tabwera kudzagawa. Tapeza mwagawa kale, ndipo mwagawira zoni yonse."

Ndayamba kuganiza za basi ya ku Phalombe.

Kenako ati iwo chitenje akapatsa mdzukulu wawo, miyezi iwiri chathera m'munda wa tiyi, palibenso wochikumbuka. Ati dzulo aona mwana wa mlongo wawo akuvina. Atembenukira kwa ine: "Nanga mkamwini woveka sukulu zinayi tingamuthamangitse? Angadzatiwerenge m'nkhani za chaka. Khalani."

A Fanesi atenga diresi la buluu. Aliyang'ana uku ndi uku: "Ndikalisoka. Kale linkandithina, koma aphunzitsi aja alikonza." Yunifolomu ndi buku la nyimbo apita nazo kwa mwana wathu Lute ku Limbe. Thalauza amalume aliyesa, lawakwana.

Zotsala akuti ndione ndine.

Masana kadzuwa katuluka pang'ono. Ndapinda chimodzichimodzi, osati bwino ngati eni ake, koma ndapinda. Nkhanga, mananazi, mawotchi. Juzi ndaigwira kanthawi, kenako ndaika. Ndamanga sutikesi pakaliyala mpaka ku ofesi ya zoni. Alangizi atuluka m'nyumba mwawo ndi patapata, aiika pamwamba pa kabati ya mabuku. Ndati sukulu zinayi zizibwereka pomwepo, kiyi asunge madamu a Kumlatho, ndipo a Namakhwa azivala chitenje.

Alangizi athokoza kwambiri. Ati komiti yagwirizana kale kuti chaka cha mawa ndiyendetsanso ine, poti tsopano zonse ndikuzidziwa.

Ndabwerera njinga ikupepuka. Makatani sanabweze, dzuwa likulowa pabalaza ngati kwawo.

Pansi pa bedi patsala malo oyera a ngodya zinayi, fumbi lawazungulira mbali zonse. Ndinatenga tsache. Ndaliimikanso kuseri kwa chitseko.

Ndisesa mawa. Kapena mkuja.