Chikombole cha Makutu Anga

Amene akuona ngati ndinama adzuke pabenchipa azipita, malo ndi ochepa kale, ndipo minibasi za ku Limbe zikudzaza apo. Ine Muhowa chibadwire sindinanamepo, funsani Chitakale yense, ndipo nkhani iyi ikanakhala yoti munthu n'kusankha, ndikanaikumbira dzenje pansi pa nthochi n'kuikwirira, chifukwa ndikangoikumbuka nkhope imandilemera. Koma mwaona kabokosi kakuda aka m'thumba la jekete, mwayamba kundisokosa ndi mafunso, ndiye khalani chete mumve. Wina akaseka ndisiyira pomwepo.

Achinyamatanu simundidziwa. Nthawi imene ndinkagwira ntchito mu fakitale ya tiyi, Loweruka lililonse ndinkaimba m'maukwati ndi kagulu kathu, gitala pambali, ng'oma za tchopa zikugunda kumbuyo kwanga, sipika yathu imodzi yomweyo itayang'ana kwa anthu, ndipo mawu amene ankatuluka pakhosi apa, ndikulumbira pali mayi anga kumanda, ndikangotsegula pakamwa pa Chitakale pano ocheka matabwa ku Chambe ankaika masowo pansi, chiperoni chimene chakuta phiri sabata yonse chinkanyamuka chokha n'kuthawira ku Thyolo, zinanazi zaziwisi zinkapsa zili m'munda, ndipo kutsidya kwa malire ku Milanje anthu ankavala zoyera n'kuthamangira kutchalitchi poganiza kuti belu lalira. Mukumva? Wina anayesapo kundijambula pa kaseti, kasetiyo inatuluka itasungunuka ngati chigubu chogwera pamoto, ndiye kuyambira pamenepo ndinaletsa zondijambula. Ndinkangoona anthu akuvina fumbi koboo, basi ndinkadziwa kuti zikuyenda.

Tsono ndili ndi mwana wamkazi, chitsirizira changa, dzina lake Felista. Tsiku limene anabadwa, tikukhala m'nyumba za kampani zija, ndinamupekera nyimbo, ndipo anakula nayo: akadwala malungo ndinkamuimbira, akamapita kokalemba mayeso ndinkamuimbira. Atapeza mwamuna ananena pamaso pa ankhoswe kuti tsiku laukwati sadzalowa mu holo ndi nyimbo ina koma yomweyo, ndipo woimba wake ndine. Mwamuna wakeyo, a Limbani, ntchito yawo ndi yokonza mawu a oimba ku Blantyre, aja amakhala kumbuyo n'kumapotokola timabatani pa mikisa. Gulu la anzawo ndi limene linkadzaimba paukwatiwo, ndipo ng'oma za gulu limenelo n'zamagetsi, pa siteji sizimveka. Aliyense amatseka makutu ndi timahedifoni tolowa m'kati mwenimweni, n'kumamva zoimbira zonse ndi mawu ake omwe m'mutu. Wopanda timeneto amasochera nyimbo isanafike pakati.

Ndiye akamwini anandibweretsera tanga m'kabokosi kakuda aka, atagwada chapatali mwaulemu, n'kupereka kudzera kwa mayi a Felista. Si timahedifoni ta pamsika iti toduka waya mawa lomwe, ayi. Kamodzi kukula kwake ngati nyemba ya kalongonda, koma m'kati muli timasipika tambirimbiri, ka mabesi, ka mawu, ka zingwe, kalikonse ndi kanjira kake, ndipo mtengo wake atandinong'oneza mayi a Felista ndinafuna pokhala.

Vuto linali makutu angawa. Tayang'anani. Kunja akuoneka ngati a munthu wina aliyense, koma m'kati ndi msewu wokwera phiri, kukhota uku, kukhota uko, la kumanja lotakata loti mbewa n'kutembenukiramo, la kumanzere lopanikizika loti nyerere imalowa chammbali. M'kabokosimo munalinso timphira tovalika kunsonga, tating'ono, tapakati, tatikulu, ndi tina tasiponji toti ufinye kaye tikafufume tili m'kati. Ndinayesa tonse. Ndikakhala duu tinkakhazikika bwinobwino, koma ndikangotsegula pakamwa, nsagwada n'kusuntha, kahedifoni ka kumanja kankafwamphuka n'kuchoka pa waya wake ngati mwala wa pa legeni, ndipo tsiku lina kanathothola papaya kwa aneba, kanaboola chidebe chili pamutu pa mayi wina, kanagwetsa khwangwala ali mlengalenga, n'kukatera pakati pa munda wa tiyi, moti ine bambo wa imvi zanga ndinatha tsiku lonse ndikukwawa pansi pa tiyi, othyola akundifunsa ngati ndataya mano. Ka kumanzere kokha sikankagwa, koma kankaluma, kakona kake kakukanikiza fupa lofewa ili, ndipo pofika madzulo khutu linatupa mpaka mbuzi zinkabwera kudzausa mumthunzi wake.

Munthu wanzeru akanapita kwa akamwini n'kukanena kuti timahedifoni sitikukwana. Koma ndikanayambira pati? Kuuza mwamuna wa mwana wako kuti makutu ako ndi opotoka? Manyazi anandigwira, ndinati ndikonza ndekha. Ndinadula chubu cha njinga n'kukulunga ka kumanja mpaka kananenepa. Kanakhazikika ndithu, koma fungo la mphira linkatulukira m'mphuno, ndipo ndikayetsemula ndinkalira ngati hutala, akabaza onse n'kupatuka pamsewu. Ndinachotsa. Ndinakwera ku Chambe kukatenga phula la njuchi, ndinalifewetsa padzuwa, ndinamata mozungulira, ndipo apa zinagwira kwambiri moti ndinatsika phiri ndikumvetsera nyimbo za pafoni, za kunja osamva ngakhale pang'ono, osadziwa kuti njuchi zonse za m'phirimo zikundilondola pambuyo, mtambo wakuda bii kuchokera pamwamba mpaka pamsika, ogulitsa tomato kuthawa kusiya malonda, makondakitala kubisala pansi pa mipando, ine ndikungogwedeza mutu n'kumabayibitsa anthu poganiza kuti akuthamangira kukauza anzawo kuti Muhowa wafika. Mukumva? Njuchi zina zinamanga m'khutu muno, ndipo mpaka lero tiyi sindithira shuga, ndimangopendeketsa mutu pa kapu.

Chimene chinandimaliza ndi ka kumanzere kaja. Mayi a Felista anandiletsa, anati zinthu za eni sapala, koma ine ndinamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndinabwereka tupa kwa okonza njinga n'kuyamba kupala kakona koluma, pang'ono, kuyesa, kupalanso, kuyesa, mpaka ndinangoona kabowo, nyimbo zikudontha pansi, nkhuku n'kumazijompha, ndipo tambala wathu kuyambira tsikulo amalira mabesi. Ndinathamangira supa guluu, ndinamata bowolo, ndipo nditaona kabowo kena kakang'ono pambali ndinamatanso, osadziwa kuti kameneko opanga anakaboola dala kuti mpweya uzipuma. Nditakalowetsa kanayamwa khutu, kanakakamira, mutu wonse kumveka ngati ndamira padziwe. Anakoka mayi a Felista, anakoka aneba, anabwera a kwaya ya amayi nawonso anakoka, pomaliza anandimanga pa mtengo wa bulugamu n'kukoleka waya ku thirakitala ya ku esiteti, ndipo potuluka kanaphulika phokoso loti ku Muloza osintha ndalama anagona chafufumimba. Nditakatola, kanali kong'aluka pakati. Mphatso ya mkamwini imeneyo, ukwati uli pafupi, ndipo mwana akuyembekezera nyimbo yake.

Amene anakaulula kwa akamwini ndi mayi a Felista. Akamwini anabwera tsiku lina ndi kachikwama, ndipo sanakalipe, chimene chinandipweteka koposa. Anagwada patali paja n'kunena kuti, "Apongozi, musadandaule, zam'katizi n'zamoyo. Tingotenga chikombole cha makutu anu, ku Joni akapange tizigoba tatsopano tokwana inu nokha." Ine ndinavomera, poganiza kuti chikombolecho amatenga ndi foni munthu ali chapatali.

Abale anga, mwambo wathu mukuudziwa. Mkamwini sadya mbale imodzi ndi apongozi ake, sakhala mpando woyandikana nawo, mukakumana panjira amapatuka. Koma tsiku limenelo, pakhonde panga, dzuwa likuswa mtengo, mwamuna wa mwana wanga anandigwira khutu ndi zala zake, analikokera m'mwamba, n'kusuzumiramo ndi tochi. Anati muyenera kutsukidwa kaye. Zimene zinatuluka m'menemo sindingafune ngakhale mdani wanga azione: fumbi la tiyi la zaka zonse za mu fakitale, lokwana kuphikira anthu a pamaliro, njere ya mkungudza itamera kale mizu, chotsekera cholembera chimene chinandisowa ndili ku pulayimale, ndipo pomaliza mawu a kapitawo wina amene anandikalipira ndili mnyamata, anatuluka akukalipabe, n'kuzungulira bwalo lonse agalu akuwathamangitsa. Zonsezo akamwini ankangolandira pa kambale, nkhope ili phee, ngati akulandira chopereka.

Kenaka anandilumitsa kachidutswa ka pulasitiki kuti pakamwa pakhale potsegula monga mmene pamakhalira poimba, anaika kathonje komangirira ulusi m'kati mwa khutu, n'kupopera phala lozizira la buluu m'makutu onse awiri, akuti ndisasunthe mpaka liume. Ndinakhala pamenepo kukamwa kuli yasa, dovu likutsikira pa malaya, osatha kulankhula, osamva kanthu, ndikungoona mapewa a mayi a Felista akugwedezeka kuseri kwa chitseko, ndi amayi ochokera kumjigo ataima pamsewu zidebe zili kumutu. Mkamwini anatulutsa kansalu m'thumba mwake n'kundipukuta pachibwano. Pamenepo ndinatsinzina, chifukwa manyazi ake ndinalephera kuwasenza.

Timahedifonito titafika kuchokera ku Joni tinali tokhota ndendende mmene akhotera makutu anga. Umalowetsa, kupotoza pang'ono chakumbuyo, waya n'kudutsa pamwamba pa khutu, basi kamakhala ngati unabadwa nako. Ndinayasamula, osagwa. Ndinatafuna mzimbe, osagwa. Ndinavina tchopa, ndinagona nato, ndinasamba nkhope n'kuiwala kuti ndavala kanthu, ndipo nyimbo za pafoni ndinkazimva mpaka woimba gitala akumeza malovu, mpaka ntchentche imene inalowa mu situdiyo tsiku lojambula, mpaka m'mimba mwa woimba ng'oma mukulira njala. Akamwini anatumiza uthenga kuti ndipite ku Blantyre kokayeserera ndi gulu lija. Ndinakana. Ndinati nyimbo ndinapeka ndine, Felista awaimbire aphunzire okha, ine mawu ndikuwasungira tsiku lenilenilo. Koma kunena zoona, ndinkaopa kuyang'anana maso ndi munthu amene anandipukuta dovu.

Tsiku laukwati holo ya pa boma inadzaza mpaka m'mawindo. Anandikoleka kabokosi kolandirira mawu palamba, anandipatsa maiki, ndinalowetsa timahedifoni tanga, phokoso lonse la anthu linazima ngati wina watseka chitseko. Kiyibodi inayamba, yomveka mbee, ng'oma zinalowa, ndipo pakhomo ndikuona Felista mu diresi loyera atagwira mkono wa mwamuna wake, akudikira. Ndinakoka mpweya, ndinatsegula pakamwa.

Munthu wina anayamba kuimba m'mutu mwanga. Mawu osasa, onjenjemera, othamangira kutsogolo kusiya ng'oma m'mbuyo, pokwera akulephera kufika n'kumangokwawa pansi pake, mawu ngati a mbuzi yomangidwa pa njinga popita kumsika. Ndinacheuka kuti ndione chidakwa chimene chalanda maiki. Panalibe munthu. Ndinatseka pakamwa, nayenso anasiya. Ndinatsegula, anayambanso. Mukumva? Apa pokha sindikuwonjezera kanthu.

Ndinasiya kuimba. Ndinakodola wa pa mikisa, kumulozera makutu kuti makina awonongeka, iye anayang'ana mabatani ake n'kundikwezera chala kuti zonse zili bwino. Oimba anapitiriza kuzungulira pamalo amodzi kudikira ine, anthu anasiya kuvina, milomo yawo ikuyenda koma ine osamva, chifukwa chikombole chija chinagwira ntchito yake, panalibe mpata woti liwu la kunja lilowere. Mwana wanga ali pakhomo pomwepo, sakulowa.

Ndiye ndinaona Felista akusiya mkono wa mwamuna wake n'kutenga maiki kwa woyendetsa mwambo. Mawu ake anandilowa m'makutu ngati waima pambali panga, ndipo holo yonse inamvanso.

"Ababa, palibe chawonongeka. Mumaimba choncho masiku onse. Imbani, ine ndikufuna yomweyo."

Ndinaimba. Misozi ikutsika, mbuzi ija ikulira m'mutu mwanga kuyambira poyamba mpaka pomaliza, liwu lililonse lopotoka ndikulimva bwinobwino chifukwa timahedifoni tamtengo wapatali sitibisa kanthu, ndipo mwana wanga analowa akuvina, milomo yake ikuimba nane, mwamuna wake pambali, amayi akululutira, mpaka anafika kutsogolo n'kukhala pampando wake. Ine ndinabweza maiki kwa eni ake n'kutulukira khomo lakumbuyo.

Ndiye musandifunse chifukwa chake sindiimbanso m'maukwati. Wofunsa ndine. Inu a Namakhwa, inu a Mpholiwa, musayang'ane pansi, tinakulira limodzi m'nyumba za kampani, maukwati anu omwe ndinaimba ndine, ndipo nyimbo ikatha munkafuula kuti ndibwerezenso. Paja mumati wakutsina khutu ndi mnansi. Zaka zonse zija, Chitakale yense uyu, panalibe ndi mmodzi yemwe?