Ntchentche za Alamu Anga ndi Tambala wa Chipani

Inu, sendezani botololo, tamverani. Mukamati anthu ophunzira, ine ndimakumbuka alamu anga a Watson, achimwene awo a akazi anga a Emelda. Anali kalaliki pa boma pa Mwanza pano, koma anayamba agwirako ntchito ku Zomba, ndiye Zombayo sinkachoka pakamwa. Madzi abwino, a ku Zomba. Mphepo yabwino, ya ku Zomba. Ngakhale chimfine cha kumeneko chinali chaulemu kuposa chathu.

Zinali zaka za m'ma 70, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nthambi yathu ya chipani kwa Kanduku inapeza tambala wakuda bii, woti tikapereke kwa a tcheyamani a ku boma pamsonkhano wa Lamulungu. Achinyamatanu simukudziwa: tambala wakuda chinali chizindikiro cha chipani. Kumuseka kokha unkakwera galimoto yaulere, kubwerako ana atamera ndevu. Ndipo wosunga tambalayo anasankha ndani? Ine Zacharia, poti khola langa linali ndi chitseko.

Loweruka ndikuchokera kudimba, ndinapeza alamu pakhonde, magalasi pamphuno, akumangirira tinthenga takuda pa timbedza.

"Alamu, kodi mwayamba using'anga?"

"Umbuli, alamu, umbuli. Izi ndi ntchentche. Ku Zomba azungu sawedza ndi nyongolotsi ngati inu. Amamanga nthenga, nsomba n'kumayesa ntchentche yagwera m'madzi."

"Ndiye kuti nsomba za ku Zomba n'zopusa?"

"N'zophunzira."

Ine osafunsa kuti nthengazo azitenga kuti. Paja safunsa anadya phula.

Tinatsetserekera kumtsinje wa Mwanza. Alamu analumikiza ndodo yawo yaitali ya kawilo, n'kulowa m'madzi ndi masokosi omwe, n'kuyamba kuzunguza chingwe m'mwamba ngati akukwapula ng'ombe zapangolo. Koyamba anakola mkuyu. Kenako chipewa changa, fyuu, mpaka tsidya. Kenako kabudula wawo yemwe, kumbuyoku, pamalo poti ine mlamu ndinachita kutseka diso limodzi powakolola.

A Deliwe, amene ankachapa pamwala, anasiya sopo. "A Zacharia, kodi bambowa nsombazo akuzifuna m'mwamba?"

"Mayi, chofunika ndi kudekha," anatero alamu. "Yaikulu imadya mochedwa."

Inachedwadi. Milamba yathu ya ku Mwanza, yosapita kusukulu, sinadzutse n'komwe mutu m'matope. Tinabwerera chimanjamanja, alamu atapsa ndi dzuwa, akudandaula kuti madzi a kuno alibe mwambo.

Kufika pakhomo, a Emelda ali pakhola, manja kumutu. Kusuzumira, mayo ine! Tambala wa chipani khosi lonse lili psuu, lopanda nthenga ndi imodzi yomwe.

"Achimwene, mwatipha!"

"Ndangothothola pang'ono, achemwali. Zimera."

"Zimera pofika mawa?"

Ndinachita mantha, abale, sindibisa. Kupereka tambala wakuda wothothoka khosi pamaso pa anthu, kunali ngati kuimirira pachulu n'kukuwa kuti chipani chatha nthenga. Ndipo wokafunsidwa sanali wa ku Zombayo ayi, anali wa khola lachitseko.

Ndinazungulira mudzi kufuna tambala wina. Ofiira mbwee, amawanga mbwee. Wakuda ndinamupeza kwa a Timoti, koma ndisanatsirize moni iwo akuti, "Kodi wa chipani uja watani?" Ndinati ali bwino, akupereka moni, n'kuthawa.

M'mawa wa Lamulungu a Emelda anati palibe kuchitira mwina, nthenga zibwerere kwa mwini wake. Koma kuti tizimasule pambedza zinakanika, alamu anali atazidula tifupitifupi, zosagwirika. Basi tinatenga ntchentchezo momwemo, mbedza ndi mbedza zomwe, n'kuzimangirira kukhosi ndi ulusi wakuda. Inu, anakongola tambala! Ngati wavala kolala ya abusa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pamsonkhano amayi akuvina, ayufi, anyamata a chipani aja, ali ndi zibonga m'mbalimu. Dzina langa litaitanidwa ndinapita chogwada, tambala ndamugwira m'miyendo, mumtima ndikuti Ambuye, nawonso amugwire m'miyendo. Koma a tcheyamani anali munthu wokonda kuonetsa mphamvu. Anamuti gwi, pakhosi penipeni!

Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anakweza dzanja m'mwamba kuti amukutumule, tambala osachoka, akukupiza mapiko pamwamba pa mutu wawo. Anakutumulanso, n'kukuwa, "Aaaa!"

Anthu anayesa ndi mfuu ya chipani. "Kwachaaa!" bwalo lonse. Nthungululu, ng'oma, fumbi koboo! Iwo akudumpha, anthu akudumpha nawo. Misozi ikutsika, amayi akuti taonani chikondi cha pa chipani.

Ine ndinali nditafa kale, ndikungodikira maliro. A tcheyamani anandiyang'ana, anayang'ana chikhamu chikuwaombera m'manja chija, anayang'ananso chala chawo. Tsono anganene chiyani? Kuti tambala wa chipani wawabaya? Kuti kuvina konse kuja kunali kulira? Basi ananena mokweza:

"Mwaona? Tambala wakuda akagwira, sataya!"

Bwalo linaphulika. Anakwera galimoto tambala ali kudzanja, ulendo wa kuchipatala. Tinamva kuti kumeneko anati zinali zikhadabo, ndipo adokotala, poti nawonso anali ndi ana, anavomera kuti atambala ena zikhadabo zawo zimakhala zachitsulo.

Palibe anabwera kudzanditenga. Madzulo ndili pakhonde, alamu akupopa njinga yawo, osaonetsa ndi manyazi omwe.

"Mwaona, alamu? Yaikulu ngati imeneyo ngakhale ku Zomba sinagwidwepo."

Ine ndinangowalozera msewu.

"Koma pali kanthu kamodzi," anatero akukwera. "Mbedza yatsalira m'chala chawo ija ndi ya ku Mangalande, kuno sizipezeka. Poti tambala munapereka ndinu, mawa mukandipemphere."