Tibwezereni Kagalasi Kathu ndi Zenera Limodzi

Kafue
14 Ogasiti 1996

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu,
Bungwe la Maso Atsopano pa Zaumoyo,
Lusaka.

Bwana,

Ndagwada pansi polemba kalatayi, choncho mukhululuke ngati zilembo zapendama. Ine ndine Jailos Nkhata, woyeza magazi ndi makhololo pa kachipatala kathu ka Mwayiwathu, kuseri kwa Nangongwe. Mwina mundikumbukira: ndine uja munampatsa jekete kuti akugwirireni tsiku lija munadzadula riboni. Sindikadakuvutitsani, koma wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko.

Choyamba, zikomo chifukwa cha makina oonera tinthu tosaoneka amene munatibweretsera kuchokera kunja. Munalankhula bwino tsiku lija. Munati dziko latseguka, ndipo makinawa amawalitsa kuwala kobiriwira pa dontho la magazi mpaka kuona kanthu kamodzi kochepetsetsa kotchedwa molekyulu. Tinaomba m'manja. Kenaka sitima ya katundu inadutsa, tebulo linanjenjemera, ndipo katswiri wanu anati molekyulu yathawa. Sitinaionenso, katswiriyonso sitinamuonenso.

Chachiwiri, zikomo potiphunzitsa kuti makinawa amafuna mdima. Amisiri anu anatseka mazenera onse awiri a chipinda changa ndi njerwa, ntchito yaukhondo kwambiri. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinkavutika ndi dzuwa la m'mawa. Tsopano ndimapuma.

Chachitatu, utoto wapadera umene amati tizipaka pa magalasi kuti tizilombo tiwale sunafike, ndipo kalata yanu inaletsa aliyense kuyatsa nyale ya makinawo katswiri palibe. Tamvera. Sisita Clementina, namwino wathu, anawalukira kansalu koyera ka maluwa, monga timachitira ndi wailesi ya pabalaza, nawaphimba bwinobwino. Akamapukuta fumbi amati, "Ba Jailos, iyi mashini ni ya ma-visitors chabe." Ine ndimawadzudzula, chifukwa alendo nawonso anasiya kubwera.

Chachinayi ndi chimene chandiwawa, Bwana, ndipo ndinena mosabisa. Ndinali ndi maikulosikopu yanga yakale, yakuda, yokhala ndi kagalasi kozungulira pansi pake. Iyo siinkafuna magetsi. Ndinkaiika pa zenera, n'kupendeketsa kagalasiko kuti kakole dzuwa, ndipo tizilombo ta chifuwa chachikulu tinkaoneka tofiira, tating'ono ngati tizidutswa ta ulusi. Sitima ikadutsa ndinkangodikira ithe. Anyamata anu anaitenga m'mawa wa tsiku la riboni, ati ingachititse manyazi pa zithunzi. Ndamva kuti ili m'kabati ya magalasi pa khomo la ofesi yanu, ndi kapepala kolembedwa kuti “Kumene Tinachokera.” Akuluakulu ananena kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Zoonadi, tametedwa mpala.

Tsopano ndikudziwitseni a Fines. Ndi msodzi wa ku Chanyanya, bambo wa ana anayi, ndipo akhala akutsokomola kuyambira mvula isanathe. Lamulo lanu lomwe, Bwana, limati mankhwala a chifuwa chachikulu asaperekedwe mpaka woyeza aone tizilombo m'makhololo. Lamulo labwino. Ulendo woyamba anapalasa okha njinga, kabotolo ka makhololo kali m'thumba. Ndinatumiza makhololowo ku labotale ina ya ku Lusaka. Makhololowo anabwezedwa ndi kakalata kaulemu kakuti ife, eni makina opambana m'chigawo chonse, tisamaseke anzathu osauka. Ulendo wachiwiri njinga ankaikankha. Dzulo anabwera atakwezedwa ndi akazi awo pa kaliyala, pamalo poika dengu la nsomba. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Bwanji ba dokota, lelo muzaona?" Ndinachita manyazi, Bwana. Ndinawalowetsa m'chipinda cha mdima chija, n'kuvundukula kansalu kuti aoneko chitukuko. Anayamikira kuti n'chonyezimira.

Musaganize kuti ndikunyoza nzeru za anthu ophunzira. Kuona molekyulu imodzi ndi chinthu chachikulu, ndipo tsiku lina inenso ndidzakonda kuiona, sitima ikadzasiya kudutsa mu Kafue. Koma pakali pano tizilombo ta a Fines sitili kamodzi. Tilipo tambirimbiri, sitibisala, ndipo ndi kagalasi kanga ndikadationa madzi a tiyi asanawire.

Pempho langa ndi laling'ono. Tsekulani kabati ija, mutibwereke “Kumene Tinachokera” kwa sabata imodzi, mutilolenso kugumula njerwa zisanu ndi imodzi pa zenera la kum'mawa. Nyundo ndili nayo. Kapepala kaja mutha kusunga.

Ngati zimenezi zingachititse manyazi Bungwe, ndamvetsa, ndipo musafulumire. A Fines akuonda sabata ndi sabata. Mukadikira pang'ono adzachepa mpaka kufika pa msinkhu umene makina anu amaona, ndipo pamenepo mwina ku Lusaka mudzawaona.

Ine wantchito wanu wokhala mu mdima momvera,

Jailos Nkhata
Woyeza wopanda choyezera