Foto ya apongozi

Lolemba

Ndabwera nawo panjinga kuchokera ku Fonte Boa. Makina ojambulira, a miyendo itatu, olemera ngati thumba la mbatatesi. A Irimau, bulaza wa ku misau, mishoni ya kumeneko, awapeza m'chipinda chosungira katundu, akuti palibe wawagwirapo chimwalirire mwini wake. Andipatsa chifukwa ndimakonza njinga. Ngati njinga ili ndi diso!

Ntchito yake ndi imodzi basi. Apongozi anga aamuna, a Maseko, akufuna foto yotumiza ku Joni kwa mwana wawo Fabiyau, amene anapita kumigodi mano a bambo akewo akadali onse. Chifuwa chawagwira chaka chino. Akuti, "Andione ndisanapite." Munthu wotenga kalata anyamuka Lamulungu.

Lachiwiri

Ndatsegula. M'katimo muli:
mvukuto wachikopa, wobooka paliponse,
nsalu yakuda yonunkha mbewa,
diso lagalasi lochita nkhungu,
mphemvu, banja lonse.

Dzina lalembedwa pakachitsulo, koma si Chiputukizi, si Chingerezi. Aphunzitsi a kusikola akuti ndi Chijeremani, m'bale wawo akuti ndi Chifalansa. Akangana mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikumata mabowo ndi mphira wa njinga. Ndikamata apa, kukung'ambika apo.

Lachitatu

Ndalowa m'nsalu, ndaona! Apongozi akuoneka pagalasi lakumbuyo, koma mutu pansi, miyendo m'mwamba. Ndatembenuza makina onse chadodolido. Akadali chozondoka. Msana wanga!

Cholakwa changa n'chakuti ndanena mokweza. Apongozi anyamula mpando wawo. "Ine mwana wa Angoni, mkamwini kundiimika ndi mutu?" Akazi anga sakundiyankhula.

Lachinayi

Njinga mpaka ku misau, mphepo ya Juni ikucheka makutu. A Irimau akuseka, akuti kuzondokako ndiye kuti makina ali bwino, onse amatero. Koma foto imagwira pa magalasi opakidwa mankhwala, osafunika kuona kuwala ngakhale pang'ono. Anali m'kabokosi kakuda.

Kabokosiko ndikukadziwa. Ndafika kunyumba, magalasi ali pathandala, akazi anga awatsuka ndi phulusa, akuwala bwino. Akuti anali akuda. Latsala limodzi, lomwe linakanirira m'chotengera chake chamatabwa.

Lachisanu

Apongozi avomera, atawapepesa ndi fodya. Avala nthenga kumutu, chikopa cha nyama paphewa, chishango m'manja. Mudzi wonse wabwera.

Ndili m'nsalu, wina wandigwira mwendo. Asipayi awiri, apolisi a boma a ku posto. Amva kuti kuno kuli mfuti ya miyendo itatu yoloza munthu. Masiku ano nkhani zotere si zoseka. Ndafotokoza, ndatsegula, asuzumira. Mmodzi akuti, "Ndiye mutijambule ifenso." Aima uku ndi uku, apongozi pakati ngati womangidwa.

Ndavundukula diso, ndikuwerenga monga anandiuzira a Irimau. Apongozi atsokomola. Atsokomolanso. Nditangotseka diso, mwendo umodzi wa makina waterereka.

Loweruka

Ku misau kachitatu. Miyendo yanga yatha. A Irimau alowa m'chipinda chamdima ndi mankhwala otsala m'mabotolo akale. Atuluka, galasi lili m'manja, sakundiyang'ana.

Asipayi awiri aoneka bwinobwino, mpaka mabatani. Pakati pawo pali utsi wovala nthenga.

Lamulungu

Wotenga kalata wafika m'mawa, akudikira pakhomo. Ndawaonetsa apongozi galasi lija. Aliyang'ana nthawi yaitali, alitembenuza, alibweza.

"Limeneli mukapatse asipayiwo. Tengani pepala, mkamwini."

Ndatenga. Akuti ndilembe kuti chimanga chachita bwino, ng'ombe yabereka, amake akumufunsa. Ndafunsa za foto.

"Mulembe kuti akafuna kundiona, atenge kalilole adziyang'ane, achotsepo mano. Zotsalazo abwere adzaone yekha, koma asachedwe."

Ndalemba momwemo. Makina ndawaika kuseri kwa nkhokwe. Mawa kuli njinga za anthu zikundidikira.