Mmene Batire la Boti Linandivulira Pamanda a Atate

Atate, inu munali m'bokosi, ndiye simunaone zimene ndinachita pamaliro anu. Ndi bwino muzimve kwa ine mwiniwake, dera lathu lonse la Chelstone lisanazithire mchere.

Mukukumbukira tsiku lija tinakoka boti lanu kuchokera kumtsinje wa Kafue n'kuliimika kuseri kwa nyumba, miyendo yanu itayamba kutupa? Munkati mukachira mudzabwerera pamadzi. Mabatire awiri aja munawachotsa nokha, kuwapukuta, kupaka girizi pamitu yake, kuwakhazika pathabwa m'chipinda cha katundu, kenako munati, "Lazaro, batire longokhala limafa ngati munthu wosayenderedwa. Uzilitchaja mwezi ndi mwezi. Madzi akatsika uziwonjezera, a m'botolo, osati a pampopi."

Sukulu ndinaisiyira panjira, koma mawu amenewo ndinawasunga. Chimene simunanene, kapena munanena ine maganizo ali kwina, n'chakuti madziwo amangofunika kuphimba zitsulo zam'kati basi. Ine ndinkathira mpaka pakamwa. Ndikachokera kuchipatala, inu mutakana ngakhale phala, ndinkalowa m'chipinda muja n'kumwetsa mabatire anu mpaka akhute. Nanga china chimene ndikanakuchitirani chinali chiyani?

Tsiku loika maliro, mlamu wanu, amalume a Yotamu a ku Kabulonga, anali atalonjeza galimoto yonyamula bokosi. Dzuwa linakwera, foni yawo ili yozima. Tinathamangira kumsika n'kupeza kalole kotopa, kanabwera pageti kudzatenga ife ndi bokosi kuti tikakutengeni kumochale, dalaivala n'kuzimitsa injini, basi sikanalirenso. Tinakankha mpaka pakona, koma zii.

"Batili yasila, ba bosi," anatero dalaivala uja, maso ali kumbali.

Amayi ali pansi akulira, abusa akudikira kutchalitchi, inu mukudikira mufiriji ya boma. Ndinathamangira m'nyumba ndili mu suti yanga ya salaula, ya kaunjika ija, ndinanyamula batire limodzi n'kulisenza paphewa mmene munkachitira inu pagombe. Ndinkalimva likukhutchumuka pafupi ndi khutu, ndipo chinachake chozizira chinatsika ndi msana, koma ndani amaima kufunsa zozizira atate ake ali mumochale? Dalaivala analumikiza mawaya, anapotoza kiyi kamodzi kokha, injini inalira. Pamenepo ndi pamene ndinalira koyamba, Atate. Batire lanu, losungidwa ndi manja anga, ndi limene linakuperekezani ulendo womaliza.

Kunyowa kuja ndinakupukuta ndi kampango. Manja ndinapukutira kumbuyo kwa buluku. Kampangoko ndinakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba lakumbuyo, ndipo ndinakakhalira ulaliki wonse.

M'tchalitchi ndinayamba kumva kuyabwa. Ndinati ndi thukuta, dzuwa lake linali la Okutobala. Kenako kunayamba kutentha ngati ndakhalira tsabola, ndikusunthasuntha pabenchi, azakhali n'kunditsina kuti ndikhale ngati munthu wofedwa. Ndinaganiza kuti mwina chisoni chimayamba chonchi, poti ndinali ndisanaferedwepo atate.

Kumanda, dothi litaunjikidwa, anayamba kuitana oika nkhata za maluwa. Amayi anaika yawo. Anaitana mwana woyamba, panalibe woyankha. Anaitana ine. Ndinayenda pang'onopang'ono, anthu onse ali kumbuyo kwanga, kwaya ikuimba motsitsa, ndinawerama kuti ndikuikireni maluwa kumutu.

Sipanamveke kung'ambika kulikonse. Nsalu inangolekana yokha ngati pepala lonyowa. Ine ndinangomva kamphepo kumene kamphepo sikayenera kufika, ndipo kwaya inasokoneza vesi. Nditapisa dzanja kumbuyo, ndinapeza thumba palibe, kampango palibe, ndipo chovala cham'kati nachonso chinali chitatsanzika.

A Mulenga, aneba athu Achibemba aja, mukudziwa kuti pamaliro a ife a kum'mawa mwambo umawalola kutinyoza mmene afunira. Sanachedwe.

"Iwe Lazalo, mbeba zamene mumadya imwe zabwezela lelo. Zadya buluku yonse, zakusiyila chabe lamba!"

Manda onse anagwa n'kuseka, Atate, ndi amayi omwe, misozi ili m'masaya. Akazi a a Mulenga anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kundimanga m'chiuno, ndipo pondisisita paphewa kuti ndilimbe mtima, dzanja la jekete linatsalira m'manja mwawo. Mawu othokoza anthu m'malo mwa banja ndinawalankhula choncho, nditavala chitenje cha maluwa ofiira ndi jekete ya dzanja limodzi.

Sindinawakwiyire a Mulenga. Anaseka, koma analipo, ndipo fosholo yoyamba anagwira ndi iwo. Amene anandiona matako tsiku limenelo ndi amene anabwera kudzakuikani.

Pano ndadziwa kuti madzi a m'batire ndi asidi, amadya nsalu. Ndalumbira kuti batire sindidzalimwetsanso ngati ng'ombe, ndipo sindidzalisenzanso nditavala chovala chimene ndikuchifunabe. Lija linakunyamulani ndalichepetsa madzi, ndalitchaja, lili pathabwa pake. Linzake ndalisiya dala lodzaza mpaka pakamwa.

Loweruka lino kuli kugawa katundu wanu, ndipo mafoni amene anali ozima aja ayaka onse. Ndawauza kuti wofuna boti adzayambe wasenza batire lodzazalo paphewa mpaka pageti, ndipo adzabwere atavala suti yabwino ija imene sanafune kuidetsa ndi dothi la manda anu. Adzayamba amalume a Yotamu a ku Kabulonga, amene dzulo amafunsa ngati botilo lili ndi mapepala. Adzatsatira a Mwale a ku Libala, mnzanu wa pamadzi, amene chimfine chinawaletsa kukuikani koma sichikuwaletsa kufuna injini. Womaliza ndi Filipo wa ku Woodlands, mwana wanu woyamba, amene nkhata yake ndinakaiika ine, nditavala chitenje.