Zikomo Bwana Chifukwa cha Nyali Zosaodira

Mudzi wa Chande,
Phalula, Balaka.
17 Okutobala 1955.

Kwa Bwana Mkulu wa Kampani Yogula Thonje,

Bwana wolemekezeka,

Ndagwada pansi ine kamtsikana kachabechabe, kamene Masisitere anataya nako nthawi pokaphunzitsa kugwira cholembera, kuti ndikuthokozeni m'malo mwa amayi onse a m'mudzi muno chifukwa cha nyali zatsopano zimene mwaika pa galimoto yanu. Ha! Koma nyalizo ndi nyali, Bwana! Tsiku loyamba zitatulukira pachitunda paja atambala analira, ndipo a Goliati, akatekisiti athu, anagwada pakati pa msewu poyesa kuti tsiku lija amatiopseza nalo lafika.

Mukumbukira kuti chaka chatha lole yanu, itasenza thonje mpaka kumitambo, inathyola mlatho wa pa Nankhono. Titakulemberani munayankha mwaulemu kuti simunaone chothyoka chilichonse, popeza mumadutsa kutada ndipo nyali zanu n'zofooka. Ife mbuli tinkayembekezera matabwa ndi misomali. Inu ophunzira munaitanitsa nyali ku Limbe. Tsono ndiloleni nditchule madalitso amene tawaona.

Choyamba. Popeza mlatho palibe, galimoto yanu imatsetserekera kumunsi n'kuwoloka padooko la amayi, pomwe timasamba dzuwa likalowa tikaweruka kumunda. Nyali zakale zija zinali zamwambo, zinkayang'ana pansi ngati mkamwini wabwino. Zatsopanozi n'zosavinidwa.

Chachiwiri. Kuno mwamuna aliyense, ngakhale ataledzera chotani, akayandikira dooko amaima patali n'kuodira, ndipo sasuntha phazi mpaka titamuyankha. Galimoto yanu ili nayo huta, tinaimva tsiku lija mumapirikitsa mbuzi za a Pitala. Takondwa kudziwa kuti mbuzi zokha mumaziodira.

Chachitatu, ndipo apa cholembera chikuvina chokha m'dzanja langa. Dalaivala wanu, a Yoram, ndi alamu anga, amuna a mchemwali wanga Ida. Zaka zitatu za chikamwini, munthuyu akangomva kutsokomola kwa mayi anga panjira amalumphira patchire, minga kapena chitedze osasamala. Ngakhale mphuno ya mayiwo sankaidziwa. Lachinayi lija, inu muli phee kumbuyo ndi kaliwo wanu, nyali zanu zinamuonetsa apongozi ake onse athunthu, mpaka mtundu wa mikanda. Mayi anayesa kumira, koma ino ndi nthawi ya chilimwe, madzi akulekeza m'akakolo. Anzawo a mayi, a Lilian, anavala beseni. Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi m'matope, ndipo mbama imene ndinalandira kwa mayi pambuyo pake ndikuisunga m'dzina lanu.

Chachinayi. Mayi anatha masiku asanu osatuluka m'nyumba. A Yoram anatumiza nkhuku yopepesera. Nkhukuyo mayi anadya, koma kukhululuka iyayi, ndipo amene amandidziwa ine akudziwa kumene ndinatengera. Alamu anga tsopano akugona m'galaja yanu pamodzi ndi matayala, Ida akuzungulira pabwalo ndi mwana kumsana, maso otupa. Ankhoswe akhala kawiri, ndipo agamula motere: maso a alamu angawo akadzaonanso padooko, a Yoram atenge mkeka wawo azipita kwawo, banja latha.

Koma musade nkhawa, Bwana. Alamu anga amakonda mkazi wawo, amakondanso ntchito yawo, ndipo apeza nzeru yosungira zonse ziwiri. Akafika pamtengo wa mbawa uja, poyambira kutsetserekera kudooko, amatsinzina mwamphamvu, n'kumapemphera chamumtima, ndipo satsegula maso mpaka matayala atagwira mchenga wa tsidya lino. Mwina dzana munadabwa galimoto itapsompsona mwala waukulu wapadooko uja, chipewa chanu n'kugwera m'madzi. Ife tinaombera m'manja. Munthu woleredwa bwino amaoneka pamenepo!

Ndikudziwa kuti mtima wanu wachifundo uganiza zowachotsa ntchito. Musavutike. Mwamuna aliyense wodziwa chiwongolero kuyambira Phalula mpaka Balaka ali ndi apongozi, azakhali kapena alongo ake padooko limenelija. Aliyense adzatsinzina. Ena adzayambira patali kuposa pambawa.

Tsono pempho langa n'laling'ono ngati ine ndemwe. Tsiku lina madzulo auzeni a Yoram aime pamtunda, alozetse nyali zanu zodabwitsazo kumene kunali mlatho, inu mutsike, muvale magalasi, muone chimene akhungu a m'mudzi muno anachiona kalekale ndi ndodo zawo. Matabwa khumi ndi awiri angabwezere galimoto yanu kumtunda, mayi anga padooko, ndi alamu anga kunyumba kwawo.

Koma ngati ntchito zakuchulukirani, pitirizani momwemo, ndife yani ife? Kungoti mitambo yayamba kusonkhana cha ku Ntcheu, ndipo Nankhono akadzaza, kumunsi kwa mwala uja kumakhala dziwe lomeza ng'ombe. Ife kusamba sitisiya. Inu muzidzangokhala phee kumbuyoko, podziwa kuti muli ndi nyali zowala koposa m'Nyasaland yense, ndi dalaivala waulemu koposa.

Ine kapolo wanu wodzichepetsa, wosachedwa kuthokoza koma wochedwa kuiwala,

Modester Chande