Mayi Bingu Sankafa Msanga

Aliyense amene anaonerako mafilimu a Mayi Bingu akudziwa kuti mayiwa sankafa msanga. Akawauza kuti afe, ankayamba aimba kaye. Ndipo magawo a anthu omwalira ndi okhawo amene ankapatsidwa, poti akuluakulu a mafilimu, anthu a makutu odzaza phula aja, ankati nkhope yawo ndi yoyenera pabedi la odwala.

Asanalowe m'mafilimu ankaimba bulusi, nyimbo zodandaula zija, m'holo ya hotela ina. Mawu awo anali apansi, okhuthala, moti matambula ankanjenjemera patebulo. Wagitala wawo, mkulu wosachedwa kupsa mtima, ndiye ankawanyamulira chikwama popita kojambula, ndipo zonse anaziona ndi maso ake.

Tsiku lina anawagoneka pabedi, dokotala wabodza atawagwira mkono.

"Mayi, apa mungopuma kamodzi n'kutseka maso," anatero wotsogolera filimu, mnyamata wovala magalasi akuda ngakhale m'nyumba.

"Kutseka maso osatsazika? Kwanu mumafa choncho?"

"Nthawi ikutha, mayi!"

"Ikuthayo ndi yanga, mwanawe. Ndikufa ndine."

Anadzutsa mutu n'kuiyamba nyimbo. Dokotala uja anaiwala kuti ndi wabodza, misozi chuchuchu. Wa kamera anajambula denga. Atamaliza ndime zonse anafa, kenako anatsegula diso limodzi.

"Achimwene, ndafa bwino?"

"Mwafa bwino zedi, achemwali," anayankha Wagitala.

Filimu itatuluka, awiriwo anatchena n'kukakhala mpando wakutsogolo. Pachinsalu Mayi Bingu anatsegula pakamwa, koma munatuluka kamawu kowonda ngati ka udzudzu. Mbava za mafilimu zija zinali zitachotsa mawu awo n'kuikapo a mtsikana wina, ati munthu wamkazi saimba mokhuthala choncho. Wagitala anadzambatuka kuti akang'ambe chinsalucho, mayiwo anamukoka jekete.

"Khalani pansi, achimwene. Tikakonza pa filimu yotsatira."

Pa yotsatirayo mbavazo zinachitanso zomwezo. Pa ina zinangoidula nyimbo yonse. Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zowajambulira chimbale, chikhalirecho aliyense wodziwa kutsokomola anali ndi chake.

Atamwalira zenizeni, wailesi ya kanema inaonetsa chigawo cha pabedi chija. Wolengeza, nkhope ataikwinya bwinobwino, anati, "Tamvani mawu amene tataya." Kunamveka kaudzudzu kaja! Mwini kamawu kowondako ali moyo, ndi wonenepa, amagulitsa nsapato mumsika. Wagitala anapita ku wailesiko kukakalipa, alonda anamubweza pageti, ati akuoneka woledzera, munthu woti sanalawepo mowa chibadwire.

Holo ija ikadalipo, koma imangomveka ngati chitini. Masana oimba atsopano amabwera kudzayeserera, ndipo Wagitala amawayambira nyimbo pansi penipeni, pomwe zala zake zinazolowera.

"Agogo, takwezani pang'ono. Apo ife sitingafike."

"Ndikudziwa," amatero, osakweza.